Katundu wa Malemu Sagawidwa pa Maliro

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo. Amayi ndi abambo, sendezani kuno kumthunzi, mawu anga safika patali.

Chandibweretsa mukuchidziwa kale. Sabata yathayi kutsidya kwa mtsinjeku kunali zovuta, ndipo ena a inu munakagona kusiwa. Maliro aikidwa Lachiwiri, pofika Lachinayi, kumeta kusanachitike n'komwe, ngolo yaima pakhomo. Njinga akweza, makina osokera akweza, mbuzi zinayi azimanga. Mpaka munthu kukwera padenga ndi hamala kukazula malata! Ine ndinakafika madzulo, ndinapeza mkazi wa malemuyo atakhala pamphasa, mwana ali kubere, dzuwa likulowa m'nyumba ngati pabwalo. Anangonditambasulira manja, mawu osatuluka.

Ndiye imvani bwino. Katundu wa malemu sagawidwa pa maliro. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu wa kupolisi, osati nkhani ya m'banja.

Kale tinali ndi lamulo la mu 1967, lomwe linkapereka gawo lina la chuma kwa achibale motsata mwambo. Limenelo linatha. Mu 2011 aphungu ku Nyumba ya Malamulo anakhazikitsa latsopano loona za wilo (kalata imene munthu amalemba yonena kagawidwe ka chuma chake akadzamwalira) ndi chuma cha anthu omwalira. Likuti munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake n'cha mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankadalira iyeyo pa moyo wawo. Ziwiya za m'nyumba, mapoto, bedi, mipando, zimatsala ndi namfedwa. Wolanda akapezeka wolakwa kukhoti atha kukakhala kundende mpaka zaka 10, ndipo katunduyo amabweza. Zaka 10, abale anga, chifukwa cha njinga.

Ndipo inu amayi musamangogwedeza mitu. Nthawi zambiri amene amayamba kuwerenga mbale m'nyumba ya mlamu wawo ndi alongo a malemu. Lero mwavula mnzanu, mawa ndinu. Ine mayi anga aang'ono anabwera kuchokera ku tauni ndi chikwama chimodzi atakhala pabanja zaka zambirimbiri, ana awiri anasiyira sukulu panjira. Panthawiyo tonse tinangoti ndi mmene zimakhalira.

(Bambo wina: Pepani mayi, koma kwathu kuno chuma cha munthu amalowa ndi ana a mlongo wake. Ndiye boma likuthetsa mwambo wathu? Nanga mayi ake omubereka atsale chimanjamanja?)

Mwafunsa bwino bambo, khalani pansi ndikuyankheni. Mwambowo unali ndi nzeru zake. Kale malume ndiye anali mwini mbumba, ankalera ana a mlongo wake, ndipo ana a malemu nawo anali ndi malume awo wowasamala. Chuma chake chinali chiyani? Khasu, nkhwangwa, nkhokwe. Koma taonani lero. Fizi amalipira ndani? Bambo. Nyumba ya malata ija anamanga ndi ndani? Mkazi ndiye ankatunga madzi oumbira njerwa, ankasoka fodya mpaka usiku, ankagulitsa mandasi kuti agule simenti. Ndiye mwana wa mlongo wa malemu, amene sananyamulepo njerwa ngakhale imodzi, abwere adzatenge makiyi? Akatenga, anawo awalera? Tonse taona, satero.

Za mayi omubereka, lamulo silinawataye. Ngati gogo ankadya kuchokera m'manja mwa mwana wawoyo, ali m'gulu la omudalira, gawo lawo lilipo. Koma aliyense sadzitengera yekha. Ogawa amayang'ana amene avutike kwambiri, ndipo mwana wamng'ono amaganiziridwa koposa wamkulu amene ali kale pantchito. Mwana wobadwira kunja kwa banja nayenso ndi mwana, amayi musakwiye, lamulo silimusankha. Mwambo wa kusudzula chitani, kumeta metani, palibe akukuletsani. Chokhacho, musakhudze katundu.

Ndipo bambo, ngati mumam'konda mwana wa mlongo wanuyo, njira ilipo: lembani wilo, mumupatse ng'ombe imodzi mwa dzina. Ndikudziwa ena mumati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Agogo athu amene anapita osalemba aja, imfa inawasiya? Koma polemba musaiwale ana anu ndi mayi awo, chifukwa khoti litha kuikonza wilo yowasiya pamtetete.

Ndaona kumbuyoko anthu ayamba kunyamula mipando, ndiye ndithamange. Wilo amalemba aliyense wokwana zaka 18 amene mutu wake ukuyenda bwino, mayi kapena bambo, m'Chichewa momwe. Musaine kapena kudinda chala pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Mbonizo zikhale anthu oti sakulandirapo kanthu. Ikani pamalo odalirika, wina adziwe kumene ili, osati pansi pa mphasa pomwe chiswe chidye.

Zovuta zikagwa, namfedwa musasaine pepala lililonse misozi ili m'maso. Makiyi, khadi la kubanki, chiphaso, mapepala a nyumba, sungani. Lembani zonse zimene zili pakhomo, a mfumu aone. Katengeni kalata ya imfa, mupite nayo ku ofesi ya DC, akakuuzani kayendetsedwe kake. Chuma chikakhala chambiri, kuli ofesi ya boma yoona za chuma cha anthu omwalira, ya Administrator General, kapena khoti. Wina akayamba kunyamula zinthu, thamangani kupolisi ku Victim Support Unit tsiku lomwelo, katundu asanagulitsidwe. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati ife.

Katundu wa malemu sagawidwa pa maliro, mwamva? A mfumu, za mayi wa kutsidya uja tinyamuka naye mawa m'mamawa, ndipo ndikufuna anthu awiri amene anaona ngolo ija atsale tikambirane.