Bowo lomwe limasunga moyo wa khanda

Zikomo amfumu, zikomo nonse. Amayi akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Tikamva kuti mwana wabadwa ndi bowo mumtima timangoti basi zatha, koma pali makanda ena bowolo ndi lomwe limawasunga moyo. Pa ana 100 aliwonse, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo tizibowo tambiri timatsekeka tokha. Ndiye pali ochepa omwe mitsempha ikuluikulu iwiri yotuluka mumtima imasinthana malo, wopita kumapapo wakhala pa wopita kuthupi, magazi a mpweya akungozungulira kumapapo, opanda mpweya akungozungulira mthupi, osakumana. Pakakhalanso bowo pakati pa mtima magaziwo amasakanikirako pang'ono, kamwana nkumapirira. Ena pamwamba pa zonsezi mtsempha waukulu umakhalanso wofinyika, mavuto atatu mu kamtima kofanana ndi kachibakera kake komweko.

Chopusitsa nchakuti tsiku loyamba ena amaoneka bwinobwino, chifukwa kamtsempha kamene ankagwiritsa ntchito ali mmimba kamakhala kasanatsekeke, magazi nkumasakanikirako. Kakatseka muli mchikuta, ndi pomwe muona akuyamwa pang'ono nkusiya, thukuta pachipumi, kupuma mwawefuwefu. Musamayang'ane khungu, khungu lathuli limabisa, mutsegulitseni kukamwa muone lilime ndi nkhama ngati zachita bii. Agogo, si tsempho imeneyo, musawazenge mlandu bambo ake.

Madokotala amayamba ndi kugula nthawi. Pali mankhwala a prostaglandin oletsa kamtsempha kaja kutseka, palinso njira ya dokotala Rashkind wa ku Philadelphia ya mu 1966, yolowetsa kabaluni kudzera pamchombo kapena mphechepeche nkukang'amba dala kabowo mumtima. Dala! Kenako opaleshoni yeniyeni, yomwe anayamba kuichita bwino ndi Adib Jatene ku São Paulo mu 1975, amadula mitsempha iwiri ija nkuibwezera mmalo mwake, kusamutsanso timitsempha todyetsa mtima toonda ngati kaudzu, bowo kulitseka ndi chigamba, pofinyika paja kukulitsa, kawirikawiri zonse ulendo umodzi makina akupopa magazi mmalo mwa mtima. Pakakhala palibe bowo lalikulu opaleshoniyi imafunika masabata awiri oyamba, mbali yakumanzere ya mtima isanafooke.

Kuno kwathu sikani ya mtima ili ku Queens ndi ku Kamuzu Central, maopaleshoni akuluakulu ambiri amatumiza kunja monga ku India, ndiye tsiku lililonse lotayidwa pakhomo limawawa.

Aka ndanyamulaka nkoyezera mpweya mmagazi, timangomanga kuphazi, kakaonetsa pansi pa 90 sitidikira mawa. Mayi inu a kakhanda ka chipewa chofiira, tabwerani kuno tiyese onse aone.