Makalata a Omvera: Nsomba ya Betta Ikadwala

Takulandirani, omvera athu a ku Kasungu, Mchinji ndi madera ozungulira. Makalata amene tiwerenge lero onse akukamba za betta, kansomba ka zipsepse zazitali kamene ena ayamba kuweta m'nyumba zawo.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa pa boma la Kasungu, ndipo alemba motere: "Mwana wanga anandigulira betta yofiira ku Lilongwe, ndipo ndimaisunga m'botolo la malita 2 pawindo la pabalaza. Chiyambireni Juni yasiya kudya, ikungogona pansi, ndipo zipsepse zake zikuda m'mphepete ndi kunyotsoka. Mnansi wanga akuti ndithire m'madzimo kapisozi wa mankhwala a anthu. Kodi nditero?"

Mayi, kapisoziyo musamuthire, chifukwa chadwalitsa nsomba yanu ndi madzi komanso kuzizira. Kwawo kwa betta ndi ku Thailand ndi mayiko oyandikana nawo, kumene imakhala m'minda ya mpunga ndi m'madambo osaya a madzi ofunda, ndipo imafuna madzi a madigiri 25 mpaka 28. Inu mukudziwa mmene kuno kumazizirira usiku wa Juni ndi Julayi, ndiye ganizirani botolo laling'ono lili pawindo mpaka mbandakucha. Kuzizirako kumafooketsa thupi la nsomba, pamene ndowe zake ndi zakudya zotsala zimaola n'kutulutsa poizoni wotchedwa amoniya, ndipo tizilombo ta mabakiteriya timapezerapo mwayi wodya zipsepse. Betta ili ndi chiwalo chimene chimaithandiza kupuma mpweya wa pamwamba pa madzi, n'chifukwa chake siifa msanga m'madzi oipa, ndipo ogulitsa ena amatengera pamenepo kunena kuti botolo ndi lokwanira. Ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono.

Isamutsireni m'thanki la malita osachepera 10, ngakhale kuti la malita 20 ndiye labwino, ndipo pamene ikudwala muzichotsa theka la madzi pakapita masiku awiri alionse n'kuthira ena oyera, ofunda mofanana ndi otsalawo. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, choncho ayambe akhala m'ndowa yosavindikira kwa maola 24, kapena muthiremo mankhwala ochotsa klorini amene amagulitsidwa kumene kumapezeka nsombazi. Madzi amene mwathira WaterGuard ndi abwino kwa inu ndi ana anu, koma nsomba amaipha. Mungathe kusungunula supuni yaing'ono imodzi ya mchere wa nsomba, wopanda ayodini, pa malita 4 alionse, koma musapitirize kwa masiku oposa 10. Hita yaing'ono yotenthetsera madzi a m'thanki ndi yofunika, ndipo magetsi akazima fundikani thankilo ndi bulangete, n'kutsamiritsa botolo la madzi otentha pambali pake. Zipsepse zimameranso pakapita milungu ingapo, ndipo zimayamba ngati kamzere koyera m'mphepete.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina, mlimi wa fodya wa ku Kamwendo m'boma la Mchinji. Iwo akuti: "Nditaikamo zomera za m'madzi zimene ndinatenga kwa mnzanga, betta yanga inatuluka timadontho toyera ngati mchere ndipo inayamba kudzikhula pa miyala. Ndinathira mankhwala abuluu, timadonthoto tinatha, ine n'kusiya, koma tsopano tabweranso tambiri."

Bambo, mankhwalawo sanalephere, munangowasiya msanga. Matendawa, amene oweta nsomba amawatcha ich, amayamba ndi kachilombo kamene kamabisala pansi pa khungu la nsomba, ndipo pa nthawi imeneyo mankhwala sakafika. Kakakhwima kamagwera pansi pa thanki n'kuswana tiana mazanamazana, ndipo tianato tikamasambira kufunafuna nsomba mpamene mankhwala onga methylene blue kapena malachite green amatipha. Ndiye kutha kwa madontho kumangotanthauza kuti tizilomboto tatsikira pansi. Yambaninso mankhwalawo motsatira muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo mupitirize kwa masiku 3 kapena 4 dontho lomaliza litatha. Kwezani kutentha kwa madzi pang'onopang'ono kufika madigiri 28 kapena 29 kuti tizilomboto tichoke msanga pathupi, ndipo posintha madzi muzikoka litsiro la pansi ndi kapaipi. Popeza mwatiuza kuti ndinu mlimi wa fodya, ndiwonjezere kuti nikotini wopezeka mu fodya ndi poizoni kwa nsomba, choncho mukachokera kosankha fodya sambani m'manja, mutsukuluze sopo yense, musanapise dzanja m'thankimo.

Yomaliza yalembedwa ndi mtsikana wa Fomu 2 wa ku Mtunthama, amene akuti nsomba yake yatupa mimba ndipo ikuyandama chammbali, ngakhale kuti amaipatsa nsima ndi madeya tsiku lililonse.

Mwana wanga, madeya amathandiza makumba a m'damu, koma betta imadya tizilombo, ndipo chimanga chimaitsekera m'mimba mpaka kuthinitsa kathumba ka mpweya kamene kamaithandiza kusambira mowongoka. Usaipatse chakudya kwa masiku 2 kapena 3, kenako uziipatsa timibulu 2 kapena 3 ta chakudya cha betta kawiri pa tsiku, kapena mphutsi za udzudzu zotsuka bwino. Uyiyang'anenso kuchokera pamwamba. Ngati mamba ake agona bwinobwino, pali chiyembekezo chachikulu kuti ichira, koma ngati aimirira thupi lonse, ndiye kuti ziwalo za m'kati monga impso zawonongeka, ndipo zikafika pamenepo nsomba zambiri sizichira. Ikafa uikwirire pansi, ndipo madzi a m'thankimo usawatayire m'kamtsinje kolowera mu Bua.