Chimabweza anthu ku Joni n'chiyani?

Zikomo a mfumu, zikomo makolo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko. Sendezani mabenchi pafupi, chifukwa nkhaniyi ikukhudza inu kwambiri.

Pabwalo pano palibe banja limene lilibe m'bale wake ku South Africa, kapena amene anapitako n'kubwerako. Munthu akatsika basi ndi chikwama chimodzi timayamba kunong'onezana kuti walephera, wadyera ndalama ku mowa. Ena zimakhaladi choncho. Koma ambiri chimawabweza ndi masamu: mapepala, mtengo wa moyo ndi ndale za eni dziko zikakumana pamodzi, ndalama yotsala m'thumba imafika pa ziro, ndipo chifukwa chokhalira kwa eni chimatha.

Kubwerako sikunayambe lero. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown, ku Botswana, Amalawi oposa 70 n'kufa, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Anthu masauzande anabwerera kumudzi chifukwa cha mawu a boma, osati chifukwa ntchito inawakanika. Theba, imene inalowa m'malo mwa Wenela, itayambiranso kulemba anthu, nayonso inaima cha mu 1988 maboma awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza magazi a ogwira ntchito. Kuyambira pamenepo munthu amapita yekha, wopanda kontirakiti, wopanda womuyankhira. Apa ndiye pagona gwero la mavuto ambiri a lero.

Tiyambe ndi mapepala. Mmalawi wokhala ndi pasipoti amalowa mu South Africa popanda viza, koma amamupatsa masiku 30 okha, ndipo ndi ocheza, osati ogwira ntchito. Masiku aja akatha iye akadali komweko, wasanduka wokhala mosaloledwa. Kale munthu wotere ankalipira chindapusa pachipata n'kudutsa. Malamulo anasintha mu 2014. Tsopano ukapitirira ndi masiku osaposa 30, potuluka amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi. Ukabwereza mkati mwa miyezi 24, zaka 2. Ukapitirira ndi masiku oposa 30, zaka 5. Ndiye mukamva kuti uje wabwera kumaliro ndipo sakubwereranso, nthawi zambiri sikuti wakonda kumudzi. Pa Beitbridge am'dindira chiletso.

Alipo amene amapereka pasipoti kwa anthu apamsewu kuti akaidinditse kuchipata mwini wake ali ku Johannesburg. Vuto lake ndi loti chidindo chimaoneka papepala koma m'kompyuta ya Home Affairs, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dzikomo, mulibe kuti munthuyo anatuluka n'kulowanso, ndipo zidindo zina n'zabodza. Tsiku limene wofufuza adzayerekeze ziwirizi, mlandu suli wongopitirira masiku ayi, wasanduka wachinyengo. Wogwidwa wopanda mapepala amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kumutumiza kwawo. Amene amabwera kudzera njira imeneyi amafika ndi zovala zimene anavala tsiku logwidwa. Firiji, bedi, malipiro a mwezi umenewo, zonse zimatsala.

Kusowa mapepala kumadyanso munthu mwakachetechete. Banki siitsegula akaunti popanda chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndipo chilolezo chikatha mphamvu banki ikhoza kuimitsa akauntiyo ndalama zili momwemo. Bwana amene walemba ntchito munthu wopanda chilolezo akudziwa, lamulo limati akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa, choncho oyendera malo a ntchito akayamba kuzungulira m'malesitilanti ndi m'mafamu, woyamba kuuzidwa kuti usabwere mawa ndi mlendo. Anzathu a ku Zimbabwe, ena mwa iwo adzukulu a Amalawi amene anapita ku Harare kalekale, anapatsidwa chilolezo chapadera chimene chinayamba mu 2009, pano amachitchula ZEP. Mu 2021 boma linalengeza kuti chitha, khothi linaimitsa ganizolo mu 2023, ndipo akhala akuchiwonjezera pang'onopang'ono. Tangoganizani kulera ana ndi kulipira sukulu usakudziwa ngati chaka chamawa udzaloledwa kukhala. Ambiri anatopa n'kulongedza. Amalawi chilolezo chotere tilibe n'komwe.

Tsopano tiwerengere limodzi ndalama, chifukwa apa ndi pamene achinyamata mumanamizidwa ndi zithunzi za pa Facebook. Mu Marichi 2025, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa anaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'munda ali momwemo. Pa malipiro amenewo, munthu wogwira maola 45 pa sabata amapeza pafupifupi R5,600 pa mwezi. Mukaisintha kukhala makwacha imaoneka yambiri. Koma munthu sadya makwacha ali ku Joni, amadya marandi.

Tingoyerekeza, manambala awa ndi achitsanzo chabe, aliyense aikepo ake. Kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu, R1,500. Takisi yopita ndi kubwera ku ntchito R40 pa tsiku, masiku 22, ndi R880. Magetsi ogula mayunitsi R300. Chakudya, sopo ndi foni R1,500. Zonse pamodzi R4,180. Yatsala R1,400 ndi pang'ono, ndipo pamenepo sanadwale, sanagule nsapato, sanalipire wotumiza ndalama monga Mukuru, amene amadulapo yake. Uyu ndi wamwayi, wa ntchito yokhazikika. Mayi wochapa ndi kukolopa masiku 3 pa sabata, maola 8 pa tsiku, pa malipiro omwewo amapeza pafupifupi R3,000 pa mwezi. Chotsanipo lendi ndi takisi muone chotsala. Ndipo wopanda mapepala kawirikawiri amalipidwa zochepera pa lamulo, podziwa kuti sakadandaula kulikonse.

Pamwamba pa izi zinthu zakhala zikukwera. Magetsi a Eskom, kampani ya boma ya magetsi kumeneko, anakwera ndi 18.65 peresenti mu 2023, n'kukweranso ndi pafupifupi 12.7 peresenti chaka chotsatira. Chaka cha 2023 chomwecho kuzimazima kwa magetsi kunafika poipa, moti wowotcherera zitsulo, wometa, wosoka ndi makina amagetsi ankakhala maola ambiri manja ali m'thumba lendi ikuwerengabe. Ulova m'dzikomo uli pamwamba pa anthu 30 mwa 100 alionse ofuna ntchito. Eni dziko nawonso akusaka ganyu yomweyo ya m'munda wa maluwa imene m'bale wanu akusaka.

Pofuna kupulumutsa ndalama ya lendi, anthu amakakhala m'mikhukhu kapena m'nyumba zosiyidwa zapakati pa tauni, anthu ambirimbiri chipinda chimodzi. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mu Johannesburg, inapsa ndipo anthu 76 anafa, Amalawi ali m'gulumo. Mu Meyi 2024 nyumba imene inkamangidwa ku George inagwa n'kupha anthu 34, ndipo Amalawi analiponso. Maliro akachitika kutali chonchi, kubweretsa thupi ndi ndalama zambiri zimene abale amasonkha m'magulu. Alipo amene atasonkhera maliro awiri atatu amayamba kudzifunsa kuti ine adzandisonkhera ndani.

Mwina wina afunsa kuti, nanga kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, si ndiye kuti randi inayamba kugula zambiri kuno? Papepala inde. Koma feteleza, simenti ndi malata zinakweranso nthawi yomweyo, ndiye phindu lija linasungunuka. Kumudzi zopempha zinachuluka, ku Joni zotsala zinachepa.

Tibwere ku ndale. Mlendo savota, koma dzina lake limamveka pa msonkhano uliwonse wokopa anthu. Mu Meyi 2008 zipolowe zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira m'dziko lonse, anthu 62 anaphedwa. Mu Epulo 2015 zinabuka ku Durban, patangopita masiku ochepa mfumu ya Azulu, Goodwill Zwelithini, italankhula mawu amene anthu anawamva ngati ikuuza alendo kuti alongedze, ngakhale iyo inati anaimva molakwa. Boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu masauzande. Mu 2019 zinachitikanso, ku Durban ndi ku Johannesburg.

Zipolowe zimabwera n'kupita. Chimene chimatopetsa anthu kwambiri ndi ndale za tsiku ndi tsiku za m'makhonsolo. Gulu lothamangitsa alendo la Operation Dudula linayambira ku Soweto mu 2021, chaka cha chisankho cha makhansala, ndipo mu 2023 linalembetsa ngati chipani. Zipani monga ActionSA ya Herman Mashaba, amene anali meya wa Johannesburg kuyambira 2016 mpaka 2019, ndi Patriotic Alliance ya Gayton McKenzie, zinaika nkhani ya alendo opanda mapepala patsogolo pa kampeni. Pa chisankho cha pa 29 Meyi 2024 chipani cholamula cha ANC chinatsika kufika pa 40 peresenti, ndipo chipani chimene chataya mavoti sichifuna kuoneka chofewa pa nkhani imene anzake akudyerapo. Ndiye chisankho chikamayandikira, apolisi amachulukitsa kufunsa mapepala m'misewu, makhonsolo amathamangitsa ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, ndipo mwini nyumba amayamba kuopa kusunga mlendo.

Chitsanzo china ndi timagolosale ta m'makomboni, timene kumeneko amati spaza. Ana atamwalira ku Naledi, ku Soweto, chifukwa cha mankhwala ophera tizilombo, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula mu Novembala 2024 kuti timagolosale tonse tilembetse ku khonsolo. Kwa mlendo, kulembetsa kumafuna chilolezo chochitira bizinesi, ndipo viza ya bizinesi imafuna mpamba wa R5 miliyoni. Wogulitsa buledi ndi shuga aipeza kuti? Ena anatseka, ena analembetsa m'dzina la mwini dziko, ndipo mukudziwa chimene chimachitika katundu wako akakhala m'dzina la wina.

Kuchipatala ndi kusukulu lamulo lili kumbali ya mlendo. Khothi linagamula mu 2019 kuti mwana wopanda mapepala asabwezedwe kusukulu ya boma, ndipo mu 2023 khothi la ku Gauteng linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe ulere posayang'ana dziko limene achokera. Koma chigamulo chili m'buku, pageti la kiliniki pamakhala anthu ofunsa chitupa. Munthu womwa ma ARV akabwezedwa kawiri katatu, amasankha kubwera kumene mankhwala ake sadzamufunsa kuti ndiwe wakuti. Komanso mwana wobadwira kumeneko makolo onse ali alendo satenga unzika chifukwa chongobadwirako, ndiye akamakula makolo amaona kuti bola akaphunzire kwawo.

Zina ndi zodziwika, sititayapo nthawi: ukalamba, makolo odwala, munda wopanda woulima, banja limene layamba kugwedera. Covid-19 nayonso mu 2020 inatseka ntchito, mabasi n'kumatula anthu pa Mwanza.

Tsopano kwa inu amene muli ndi abale amene akuganiza zobwera, auzeni izi pafoni. Asachoke ntchito mozemba. Lamulo la ntchito kumeneko limati wogwira ntchito za m'nyumba kapena pafamu kupitirira miyezi 6 apereke kapena apatsidwe notisi ya masabata 4, ndipo masiku atchuthi amene sanapume amulipire. Ngati amuchotsa chifukwa ntchito yachepa, ayenera kulandira malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene wagwira. Wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo makhothi anagamula kale kuti ngakhale wopanda chilolezo ndi wantchito ndithu pamaso pa lamuloli. Ambiri amasiya ndalamazi chifukwa cha mantha.

Kwa mwini nyumba apereke notisi yolemba, ayendere chipinda limodzi tsiku lotuluka, ajambule zithunzi, kuti dipoziti isamire. Ndalama za kubanki azitulutse kapena kuzitumiza mapepala asanathe. Wakumwa mankhwala atenge kalata yosamutsira kuchipatala china ndi mankhwala okwanira ulendo ndi masabata oyamba. Wa ana atenge chikalata cha kubadwa, kabuku ka kusikelo, malipoti a kusukulu ndi kalata yosamutsira, apo ayi mwana wa giredi 6 adzavutika kupeza kalasi yake kuno. Ngati pasipoti inatayika kapena inatha, apite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg akatenge chikalata choyendera mwadzidzidzi asanagule tikiti, chifukwa njira ya basi imadutsa zipata za mayiko atatu: Beitbridge, kenako Nyamapanda kulowa Mozambique, kudutsa Tete, mpaka Mwanza kapena Dedza.

Katundu ndiye amaliritsa anthu ambiri. Asanakweze chilichonse pa thiraki alembe mndandanda, chinthu chilichonse ndi mtengo wake, asunge malisiti, ndipo mwini thiraki asaine kuti walandira zinthu zakutizakuti. Agwirizane poyera kuti msonkho wa pachipata alipira ndani, chifukwa mkangano umabuka pa Mwanza katundu atagwidwa, woyendetsa akuti ndalama munandipatsa inali yonyamulira basi. MRA ili ndi ndondomeko ya anthu obwerera kwawo kudzakhazikika, yosiyana ndi ya ochita malonda, ndipo imafuna umboni wa nthawi imene munthu wakhala kunja. Afunse ku ofesi yawo katundu asananyamuke, makamaka ngati pali galimoto. Ndipo theka la ndalama ya mayendedwe alipire katundu akafika pakhomo, osati yonse ku Johannesburg.

A mfumu, ndikuona manja akwezedwa kumbali ya amayi uko. Tiyambe ndi mayi avala chitenje chobiriwirawo.