Maliro a pa foni: zimene ndinaona ku Joni boda itatsekedwa

Moni nonse amene mwatchera khutu, inu a kumudzi, anzanga a kuno ku Joni, ndi inu a ku Cape Town ndi ku Durban amene mumanditumizira mauthenga. Lero ndilibe mlendo. Ndili ndekha m'chipinda muno, zenera ndatseka kuti mathekisi asatisokoneze. Nkhani ya lero ndakhala ndikuizemba kwa nthawi yaitali, ndipo ena mwa inu mwandifunsapo kangapo kuti, "Achimwene, bwanji za nthawi ya korona simuzikamba?" Ndizikamba lero. Mawu akandithawa penapake, mundipirire.

Mu 2020 ndinkagwira ntchito m'khitchini ya malo ena odyera kumpoto kwa Johannesburg. Ndinayambira kutsuka mbale, kenako anandisuntha kundiika pa moto. Pa 5 Malichi, nduna ya zaumoyo Zweli Mkhize italengeza kuti matendawa apezeka mwa bambo wina wa ku KwaZulu-Natal amene anachokera ku Italy, ife m'khitchini tinkangoti ndi matenda a anthu okwera ndege. Patangotha masiku 10, Lamulungu pa 15 Malichi, Pulezidenti Cyril Ramaphosa ananena kuti dziko lili pa ngozi. Analetsa alendo ochokera ku maiko monga Italy, Iran, China ndi America, masukulu anatsekedwa, ndipo pa zipata 53 za pamtunda zolowera m'dziko muno, 35 zinatsekedwa. Apabe sindinade nkhawa kwenikweni, poti Beitbridge, chipata cha pa malire a dziko lino ndi Zimbabwe, inali yotsegula. Kwa ife Amalawi, Beitbridge ikakhala yotsegula ndiye kuti kwathu kudakali pafupi.

Lolemba pa 23 Malichi tinaimirira tonse pa TV ya m'bala, ophika ndi operekera zakudya, manja ali m'chiuno. Pulezidenti anati kuyambira pakati pa usiku wa Lachinayi pa 26, aliyense akhale m'nyumba kwa masiku 21, ndipo asilikali atuluka kukathandiza apolisi. Abwana anatipatsa maenivulopu a theka la mwezi n'kunena kuti adzatiimbira foni. Masiku 21 aja anawonjezerwa mpaka kumapeto kwa Epulo, ndipo foni ya abwana inadzalira kumapeto kwa Juni, boma litalola kuti anthu azikhalanso pansi m'malo odyera.

Tinkakhala anayi m'chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya munthu, tonse a kwathu. Kale sitinkapanikizana chifukwa wina akamalowa wina amatuluka, wina wa usiku wina wa masana. Tsopano tonse anayi tinali momwemo, usana ndi usiku, pa matilesi awiri. Pa wailesi ankati tizitalikirana. Mpopi wa panja tinkagwiritsa ntchito mabanja asanu ndi limodzi. Msewu umene nthawi zonse umakhala ndi mahutala a mathekisi unali zii, moti tinkamva nkhunda. Ukatuluka kukagula zinthu, lisiti unkaisunga m'manja pobwerera kuti akakuimitsa ukhale ndi choonetsa. Ndipo kwa munthu ngati ine, amene masiku a m'pasipoti anatha kalekale, kuimitsidwa sikunali nkhani ya korona yokha. Dzina la Lindela, kumene amasunga anthu oti awabweze kwawo, linkabwera m'mutu nthawi iliyonse ndikaona galimoto ya apolisi. N'chifukwa chake dzina langa sinditchula pa pologalamu ino.

Pa 21 Epulo a Ramaphosa analengeza thandizo la R500 biliyoni, ndipo m'menemo munali ndalama ya R350 pa mwezi kwa anthu osowa ntchito. Inali ya nzika, a chilolezo chokhala muno mpaka kale, ndi othawa kwawo ovomerezeka. Mu Juni khoti linalamula kuti apatsidwenso ofunsira malo othawirako ndi a zilolezo zapadera za ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Amalawi tilibe chilolezo chapadera chotero. Kunalinso ndalama za UIF, thumba la boma la inshulansi ya anthu apantchito, za anthu amene ntchito zawo zaima, koma zinkafuna kuti bwana akhale kuti anakulembetsa, ndipo ambiri a ife timalandira m'manja. Tsiku lina ndinaima pa mzere wa chakudya kuyambira m'mamawa. Nditafika kutsogolo, mayi wolemba maina anandifunsa nambala ya ID, ija ya manambala 13. Sanandinyoze ayi, ndipo nkhope yake inkaoneka kuti zikumupweteka, koma pepala lake linalibe polemba munthu ngati ine. Ndinabwerera chimanjamanja.

Chimene chinandiswa mtima m'miyezi imeneyo si njala. Zaka zonse ndakhala kuno, ndine ndinkatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi. Mu Meyi mchemwali wanga anandiimbira n'kundiuza kuti ndikatenge ndalama, amayi agulitsa mbuzi ziwiri. Ndinakana. Amayi analanda foni n'kunena kuti, "Mwanawe, mbuzizo unagula ndiwe. Kalipire nyumba, usagone panja m'dziko la eni." Ndinakatenga, ndipo ndinalipira lendi.

Nthawi yomweyo tinkatsatira za kwathu pa Facebook ndi pa magulu a WhatsApp. A Peter Mutharika analengeza pa 20 Malichi kuti dziko lili pa ngozi, odwala atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo, ndipo boma linakonza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda anachita zionetsero, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC anapita kukhoti, ndipo pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda anauimitsa. M'chipinda mwathu tinakangana mpaka usiku. Mmodzi ankati akhoti aika anthu pa ngozi. Ine ndinali m'kati mwa m'bindikiro weniweni, ndikuona zimene umachita kwa munthu wodya za tsiku lomwelo, ndipo ndinkaganiza za mchemwali wanga amene akapanda kupita kumsika ndiye kuti ana agona ndi njala. Ndinasangalala ndi chigamulocho, koma mantha sanandichoke, chifukwa zipatala za kwathu ndimazidziwa.

Kumapeto kwa Meyi mabasi anayamba kunyamula Amalawi obwerera kwawo. Awiri a m'chipinda mwathu anagulitsa zonse n'kukwera. Njira yake mukuidziwa: Beitbridge, kudutsa Harare, Nyamapanda, kulowa Mozambique, mlatho wa Zambezi pa Tete, Zobue, kenako Mwanza. Ambiri anawatengera ku Kamuzu Stadium ku Blantyre kuti adikire zotsatira za kuyezedwa, ndipo anthu oposa 400 anathawamo. Ndinawerenga mmene anthu ankawatukwanira, ati a ku Joni abweretsa imfa. Sindikunena kuti kuthawa kunali kwabwino, chifukwa ena mwa iwo analidi ndi kachilombo ndipo anakafika nako kwa makolo awo okalamba. Koma awa anali anthu oti akhala miyezi iwiri opanda ntchito, akhala masiku angapo m'basi mothithikana, afika kwawo n'kugonekedwa pabwalo la mpira m'nyengo yozizira. Mmodzi wa anzanga aja anandiuza kuti atafika kumudzi, ana ankamuthawa ndipo pachitsime anthu ankachoka mkazi wake akafika.

Ine sindinakwere. Chifukwa chake ndi ichi. Boma la kuno linanena kuti amene zilolezo zawo zathera m'nthawi ya m'bindikiro sawalanga, koma changa chinatha korona asanabwere. Lamulo limati ukapitirira masiku oposa 30, potuluka amakudinda kuti usalowenso kwa zaka 5. Kupita kunali kotheka, koma kunali kupitiratu, ndipo kumbuyo kwanga kunali fizi ya ana atatu ndi mankhwala a amayi a BP.

Pa 1 Okutobala malire anatsegulidwa, koma ankafuna kalata yosonyeza kuti wayezetsa ndipo ulibe kachilombo, yosapitirira maola 72. Kwa munthu wokwera ndege pa OR Tambo, maola 72 ndi ambiri. Kwa munthu wa basi, amene ayenera kudindidwa potuluka ndi polowa m'maiko anayi, kalatayo imatha kufa adakali panjira. Mu Disembala mizere ya magalimoto pa Beitbridge inatalika makilomita ambiri, anthu ankagona pamenepo masiku, ndipo kunamveka za ena omwalira ali pamzere. Ndinauza amayi kuti Khirisimasi ino sinditha, ndiyesetsa pa Isitala. Anati, "Palibe kanthu, bola uli moyo." Ndinaona ngati ndaganiza mwanzeru.

Kenako unafika Januwale wa 2021. Mtundu watsopano wa kachilombo, uja anadzautcha Beta, unali utafala kale. Pa 11 Januwale a Ramaphosa anatseka zipata 20 za pamtunda, kuphatikizapo Beitbridge ndi Lebombo, mpaka pa 15 Febuluwale. Mawa lake kwathu nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo a Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Sabata yomweyo amayi anayamba kutsokomola. Mchemwali wanga ankati ndi malungo. Tsiku lachinayi amayi anayamba kubanika, ndipo kuchipatala mpweya wa okosijeni unali wosowa monga zinalili m'malo ambiri mwezi umenewo. Ndinatumiza zonse zimene ndinali nazo. Ndinafunsa za mabasi, ndinafunsa a magalimoto a katundu, ndinafunsa za ndege. Mlendo ankaloledwa kutuluka, koma panafunika kuyezetsa, kudikira zotsatira, ndi kudutsa Zimbabwe imene nayonso inali itakhwimitsa malamulo. Ndidakali kuwerengera masiku, foni inalira m'bandakucha. Amayi anali atatisiya.

Anaikidwa mawa lake lomwe. Panalibe kudikira abale akutali, panalibe kugona pa siwa, panalibe kuona nkhope. Mwana wa mchemwali wanga anaimirira chapatali atakweza foni kuti ndione pa vidiyo. Ine ndinali kuseri kwa khitchini, pafupi ndi mabini, epuloni ili m'chiuno. Ndinaona anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi atanyamula bokosi, anthu amene sindinawadziwe ndipo amayi sanawadziwe. Chithunzi chinkaima, n'kuyenda, n'kuimanso. Pamene ankatsitsa bokosi netiweki inaduka. Itabwerera anali akukwirira. Ndinamva malume akundiitana ndi dzina langa la paubwana, akuti, "Uli pomwepo? Tawaika amayi ako bwinobwino, usadandaule." Sindinathe kuyankha.

Inu a kuno mukudziwa zimene timachita mnzathu akaferedwa. Timasonkhana m'chipinda mwake ngakhale chikhale chaching'ono, timaimba nyimbo za kutchalitchi mpaka kuche, timasonkha chipepeso. Nthawi imeneyo misonkhano inali yoletsedwa ndipo pofika 9 koloko usiku aliyense ankayenera kukhala m'nyumba mwake. Anabwera anthu atatu okha, atavala mamasiki, ndipo awiri ananyamuka nthawi isanakwane. Wachitatu anali bambo wachikulire amene amagwira ntchito ya m'maluwa, wakhala kuno zaka zambiri. Ndinawakumbutsa kuti, "Bambo, nthawi yatha, akugwirani panjira." Iwo anavula nsapato n'kunena kuti, "Sindikupita, mwana wanga. Namfedwa sagona yekha." Anakhala pa mpando pakhomo, chitseko chili chotsegula kuti mphepo izilowa, n'kumaimba chapansipansi usiku wonse.

Ena amafuna ndinene kuti malamulo onse aja anali achabe. Sindinganene zimenezo. Matendawa anapha amayi anga, anaphanso mnzathu wina wa m'khitchini amene anali wamng'ono kwa ine. Boma likanangokhala manja lende, maliro akanachuluka kuposa apa. Chimene ndimadandaula n'chakuti olemba malamulowo ankaona munthu wa nyumba yake, galimoto yake, ID yake ndi ntchito yolembetsedwa. Ife amene mabanja athu ali mbali zonse ziwiri za boda, amene timawaphikira, kuwalondera ndi kuwalerera ana, sitinali pa pepalapo. Ndipo zimene zinatichitikira ife monga anthu zinadzachitikira chigawo chonse. Pa 25 Novembala 2021 akatswiri a kuno ataulula za mtundu wa Omicron, Britain ndi America anatseka zitseko zawo kwa maiko a kumwera kwa Africa, Malawi ali momwemo, ngakhale kachilomboko kankapezekanso ku Ulaya. A Chakwera ananena poyera kuti malamulo a korona azitsatira sayansi, osati kuopa Aafrika. Ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse.

Kuno lamulo la ngozi linatha pa 4 Epulo 2022, patadutsa masiku 750, ndipo mamasiki tinavula mu Juni chaka chomwecho. Mabasi anayambanso kudzaza pa Park Station. Ine manda a amayi sindinawaonebe. Ndinatumiza ndalama ya chiliza, ndili ndi chithunzi chake mu foni, ndipo chaka ndi chaka ndakhala ndikunena kuti ndidikire mwana wamkulu amalize sukulu. Wamaliza tsopano. Sabata yatha ndinagula tikiti ya Disembala, yopita kokha. Pa Beitbridge adzadinda zimene adzadinde. Malume andiuza kuti adzandidikira pa depoti, ndipo tisanalowe m'nyumba tidzayamba tapita kumanda.

Amene muli ndi nkhani zanu za masiku amenewo, nditumizireni mawu pa WhatsApp, ndidzaziika m'chigawo chikubwerachi popanda kutchula maina. Tsalani bwino.