Musanalembe Mlangizi wa Bizinesi, Mverani Mafunso Ake

[Wofotokoza akuyang'ana kamera]

Moni nonse. Tinene kuti malonda akhala akutsika miyezi itatu yotsatizana, ndiye mwaganiza zopeza katswiri wa kutsatsa malonda kuti akuthandizeni. Mwakumana ndi awiri. Woyamba wangokhala pansi n'kutsegula laputopu, kukuonetsani zithunzi zokongola, mphindi khumi zisanathe watchula kale mtengo. Wachiwiri watulutsa kope ndi cholembera: "Makasitomala anu amabweranso kangati? Pa katundu aliyense mumatsala ndi phindu lanji? Amene anasiya kugula aja, munawafunsapo chifukwa?"

Ine ndingatenge wachiwiriyu. Nthawi zina vuto silikhala kutsatsa n'komwe. Mwina mtengo wanu wakwera kuposa wa anzanu, mwina katundu amachedwa kufika kwa wogula. Mukatsatsa kwambiri zinthu zili choncho, mungochulukitsa anthu odandaula.

[Pa sikirini: MALONJEZO]

Wina akakuuzani kuti adzakuikani pamwamba penipeni pa zotsatira zimene anthu amaona akafufuza pa Google, dzukani muzipita. A Google eniake amanena poyera kuti palibe angatsimikizire aliyense malo oyambawo. Chimodzimodzinso wolonjeza otsatira masauzande pa Facebook m'sabata imodzi: kawirikawiri amakhala maakaunti abodza ochita kugulidwa, ndipo akaunti yabodza sigula kanthu. Mufunseni kuti mudzadziwa bwanji kuti ntchito yayenda. Akayankha za malaiki okha, osatchula maoda kapena anthu oimba foni, sanakumveni.

Pemphani manambala a makasitomala ake akale awiri, ndipo muimbedi. Ambiri amapempha koma saimba. Funso lake ndi limodzi: "Mungamulembenso?" Mumvetsere ngati akuyamba wajejema.

[Pa sikirini: MGWIRIZANO]

Apa ndipo ambiri amapsera. Mu 2017, bungwe la ISO, lokhazikitsa miyezo ya padziko lonse, linatulutsa ndondomeko ya ntchito za alangizi, ISO 20700, ndipo imagawa ntchitoyi patatu: kugwirizana, kugwira ntchito, ndi kutseka. Gawo lotseka lija ndi limene timaliiwala. Mulembe papepala zimene adzachite, tsiku lomaliza, amene adzagwire ntchitoyo (poti amene amabwera kudzakunyengererani si nthawi zonse amakhala wogwira), komanso kalipiridwe. Lipirani m'zigawo, chigawo chilichonse ntchito ina ikaoneka, osati zonse poyamba.

Ndiye chinthu chimene ndimachiumirira kwambiri: tsamba la Facebook, akaunti ya Google Ads (yolipirira zotsatsa pa Google) ndi dzina la webusaiti zikhale m'dzina lanu, zotsegulidwa ndi imelo yanu. Mlangizi mumangomupatsa chilolezo cholowa, chimene mungachotse tsiku lililonse. Akatsegula yekha m'dzina lake, tsiku lomwe mwasemphana mawu amachoka ndi tsamba, otsatira, ndi mbiri yonse ya zotsatsa zimene munalipira. Vidiyoyi ikatha, lowani m'tsamba lanu muone kuti mwini wake walembedwa ndani.