Fungo likasowa mwadzidzidzi, mvetserani izi

Eee, azimayi anzanga a chigwirizano, muli bwanji nonse. Ndati nditumize voisi chabe chifukwa kulemba zonsezi zala zingatope. Tafika June, kuzizira kwayamba kuno ku Chipata, chimfine chili nyumba ndi nyumba, ndiye pali chinthu china anthu sachiyang'ana, amadikira chifuwa ndi kutentha thupi basi. Koma nthawi zina chimayamba ndi mphuno ndi mkamwa. Mukukumbukira June wa 2021 uja, korona itavuta kwambiri m'Zambia muno? Ena asanakhosomole ankayamba kunena kuti nsima ikumveka ngati pepala.

Manje choyamba... ayi, ndiyambe ndi ichi. Chimfine wamba mphuno zimatsekeka, mamina ali tho, ndiye fungo silifika, zimenezo tonse tikuzidziwa. Chodabwitsa n'chakuti mphuno zili pululu, mpweya ukulowa bwino, koma sopo simukumumva. Mwamva? Mphuno zotseguka, fungo kulibe, ndipo mwadzidzidzi, dzulo zinali bwino. Kachilombo ka korona kamagwira kumtunda kwenikweni kwa mphuno, pamalo pomwe fungo limalandiridwa, n'chifukwa chake sizidikira mamina. Mitundu ya korona yobwera pambuyo, monga Omicron wa kumapeto kwa 2021, siichita zimenezi kawirikawiri, iyo imakonda kuyamba ndi pakhosi kukanda, koma zimachitikabe, ndipo fuluu nayenso amatha kutero.

Ndiye kuyesa kwake, apa ndichedwepo chifukwa kwathu panatisokoneza. Musayese ndi tsabola. Ndibwereze, tsabola ayi. Vicks ayinso. Tsabola lilime silimulawa, kuwotcha kuja ndi mitsempha ya ululu, ndipo kuzizira kwa Vicks m'mphuno ndi chimodzimodzi, munthu woti fungo latheratu amazimvabe. Alamu anga anadya kambuzi, misozi mbwee, ati onani ndili bwino, tonse tinavomera, mawa lake uyo pa minibasi wa ku Katete ku maliro, kukagona m'nyumba yodzaza ndi agogo. Atabwerako ndi pomwe anati mafuta odzola sakununkhira. So tengani zinthu zofatsa, sopo wosambira, khungu la ndimu mwalifinya, khofi, nsinjiro zokazinga. Tsekani maso, mwana akuyikireni pamphuno chimodzi chimodzi, inu munene ndi chiyani. Mphuno imodzi mutseke ndi chala, kenako inayo. Jik ndi petulo musayandikire, mungodzipweteka.

Aa, ndaiwala lilime. Ikani mchere pang'ono pa lilime, mutsuke mkamwa, kenako shuga, kenako dontho la ndimu. Ngati mchere mukuumva, shuga mukumumva, koma ndiwo za nkhuku zikungokhala ngati madzi, vuto si lilime, ndi mphuno. Kukoma kwambiri kwa chakudya kumadzera m'fungo, lilime limangodziwa kuzuna, mchere, kuwawa, kuwawasa ndi kakomedwe ka msuzi wa nyama. Wina afunsa, nanga zonse zikasowa? Zimachitika, munenenso choncho ku kiliniki.

Mkamwa mumatha kuuma, malovu kuchepa, ena amamva ngati anyambita chitsulo, ena tizilonda pamlomo. Koma apa chenjerani, mkamwa kuwawa ndi kutentha thupi kuno kwathu malungo timayamba tawayeza, kamagazi ka pachala kaja, musangoti ndi chimfine. Ndipo zoyera zoyera pa lilime zonga mkaka wogona zosachoka, imeneyo ndi nkhani ina, akakuoneni.

Mukapeza kuti fungo lapita, gonani panokha ngati chipinda chilipo, mawindo tsegulani, masiki valani, kutchalitchi ndi ku Kapata kumsika mutume ena masiku amenewo, makamaka kwa okalamba, a shuga, a BP ndi apakati musapiteko. Imwani madzi ambiri, kuchukucha pakhosi ndi madzi ofunda a mchere, panado ngati mutu ukupweteka. Amoxil wa pa kantemba sapha kachilombo ka chimfine, mukungotaya ndalama. Pali amayi ena, sinditchula dzina, tinawauza, iwo n'kumwabe makapisozi, kenako kufukiza ndi madzi owira m'bulangete mpaka poto kugwera pamwendo, chilonda chinatenga nthawi kuposa chimfinecho. Kupuma kukavuta, chifuwa kuthina, munthu kusokonezeka, apo palibe zodikira, kuchipatala.

China, kukhitchini. Mphuno ikafa simudziwa kuti ndiwo za dzulo zasasa, simumva utsi poto akapsa, ndiye wina azikununkhizirani, ndipo mchere muziyeza ndi supuni osati kulawa, ana angakane chakudya. Mbaula m'chipinda chotseka ayi, mpweya wake wakupha uja ulibe fungo ngakhale kwa wa mphuno zabwino.

Ambiri fungo limabwerera pakadutsa masabata 2 mpaka 4. Ena likamabwerera limabwera mokhota, anyezi wokazinga kununkha ngati zowola, musati mwalodzedwa, ndi mitsempha ikuchira. Likachedwa muzinunkhiza zinthu 4, ndimu, masamba a bulugamu, khofi, sopo, chilichonse masekondi 20, m'mawa ndi madzulo, kwa miyezi 3 osadukiza. Ehe, amake Chisomo munafunsa za mwana wamng'ono woti sanayambe kuyankhula, iye sanganene za fungo, muziona ngati akukana kuyamwa kapena akupuma mothamanga, mupite naye tsiku lomwelo.