Gawo 14: Amayi akuti ndimasinja ndere ku Cape Town

Muli bwanji nonse amene mukumvera. Lero sindili ku Cape Town ayi, ndili pakhonde pa amayi anga kuno ku Matawale, ku Zomba, ndiye mukamva tambala akulira musadabwe. Ndabwera pa tchuthi cha milungu itatu.

Dzulo amayi anandifunsa pamaso pa anzawo a kumpingo kuti, "Iwe, ntchito yako kwenikweni ndi yotani?" Nditafotokoza, anatembenukira anzawo aja n'kunena kuti, "Mwanayu anapita kutali konseku kukasinja ndere." Anthu anaseka mpaka kugwetsa misozi. Koma sananame.

Ndimathandiza mu labu. Timalawirira kunyanja madzi akaphwera, n'kumakathothola ndere m'miyala. Madzi a mbali ya Atlantic amazizira moti zala zimachita dzanzi. Ine wokulira pa mtsinje wa Likangala ndinkaganiza kuti kuzizira ndi kwa Ku Chawe mu June. Tikabwerera timatsuka nderezo, kuziumitsa mu uvuni, kuzisinja mpaka zikhale ufa. Kenako ndimayeza kaufa ka mamiligalamu awiri, n'kukakulunga m'kachitsulo kopyapyala ngati kanjere ka mpunga. Ukapuma mwamphamvu, kamauluka. Tsiku loyamba ndinayetsemula, ntchito ya m'mawa wonse inathera pansi.

Tikufuna chiyani mu ufawu? Nayitirojeni, chakudya cha zomera chija chimapezeka mu feteleza. Ali mitundu iwiri, ngati mapasa: nayitirojeni 14 ndi nayitirojeni 15, wachiwiriyu ndi wolemerako pang'ono ndipo ndi wosowa, sakwana n'komwe 1 pa 100 aliwonse mu mpweya. Azungu amati ma isotope. Feteleza wa m'thumba amapangidwa kuchokera ku mpweya, choncho amafanana nawo. Koma zonyansa za m'chimbudzi zikamawola, zimakhala ngati mukupeta m'lichero: wopepuka uja amauluka, wolemera n'kutsala. Ndere zimadya zimene zili m'madzi. Makina otchedwa mass spectrometer akapeza 15 wochuluka, timadziwa kuti pamenepo pamafika suweji, ngakhale madziwo aoneke oyera ngati a pa mpopi.

Ku Cape Town kuli mapaipi otayira suweji pakati pa nyanja, ku Green Point, Camps Bay ndi Hout Bay, ndipo mkangano wake sutha. Botolo la madzi limangokuuza za ola limene watunga. Ndere zakhala pamwala pomwepo milungu yambiri, usana ndi usiku.

Komatu musaganize kuti ndi ula. Nayitirojeni payekha sasiyanitsa bwino ndowe za ng'ombe ndi chimbudzi cha munthu, zonse zimatuluka zolemera. Bwana wanga amadana ndi munthu wothamangira kuloza chala.

M'mawa uno ndinaima pa mlatho wa Likangala. Amayi ena akuchapa, ana akusambira, m'miyala muli ndere zobiriwira zofananako ndi zija. Madzi amenewa amadutsa m'tauni, m'minda ya fetereza, kenako n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Cholowa chalowa. Matemba athu amachokera m'menemo. Ndinatsika, n'kutola ndere pang'ono, kuzinunkhiza ngati mmene ndimachitira kuntchito. Mayi wina anasiya kuchapa n'kundifunsa ngati ndi mankhwala.

Mawa ndikupita ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, ndi achimwene, tikajambulira gawo lotsatira kumeneko ndi asodzi. Pano amayi akundiitana, nsima yapsa.